Seveni ya pa pulagi si seveni ya m'kalasi

Fizi yanga imachokera mu injini. Malume anga ali ndi kapikapu ka Nissan 1400, ka petulo, kamene kanabwera kuchokera ku South Africa ine ndisanayambe n'komwe sukulu. Galimoto za mtundu umenewu anasiya kupanga mu 2008, koma kwathu ku Mitundu kakugwirabe ntchito ngati bulu. Tsiku la msika kamachita matola, nthawi yokolola kamatuta mtedza, soya ndi chimanga. Ndalama zotuluka pamenepo ndi zimene zimandisunga ku Bunda. Kagalimotoko kakagona, nanenso ku hositelo ndimagona ndi njala.

Pa holide yapitayi kanayamba kutsokomola. M'mawa kankavuta kulira, kakalira kankanjenjemera, ndipo petulo kankamwa ngati kali ndi ludzu la mwezi wa Okutobala. Malume anamasula mapulagi onse anayi n'kupeza kuti nsonga zake zadyeka. Anakulunga imodzi m'pepala n'kundipatsa.

"Muphwa, pita nayo m'tauni. Ukagule anayi ofanana ndi iyi."

Malangizo ake anali amenewo basi. Ndinakwera minibasi mpaka ku Lilongwe, n'kulowa m'sitolo ina ya zipangizo za galimoto cha ku Malangalanga. Pa pulagi ya malume panalembedwa kuti BP5ES. Wogulitsa anati imeneyo yatha, koma ilipo BP7ES, yomwe ndi "yamphamvu kuposa". Ndinaziyang'ana ziwirizo: kunenepa kofanana, kutalika kwa mazinga omangira kofanana. Chosiyana chomwe ndinaona chinali nambala yokha. Tsono ine ndakhala zaka zoposa khumi ndi zisanu m'kalasi momwe 70 amaposa 50. Ndinaona ngati ndawachitira malume chinthu chabwino choposa chomwe anandituma. Foni inali m'thumba, mayunitsi analimo, koma sindinawaimbire. Pofika kunyumba ndinamanga ndekha mapulagiwo, galimoto inalira bwinobwino, ndipo za nambala sindinanene kanthu.

Patatha milungu itatu tinapakira matumba a mtedza kupita nawo kwa wogula wina ku Nathenje. Titadutsa pa Bunda Turn Off n'kulowa mu M1, injini inayamba kudumphadumpha. Pa chitunda china mphamvu zinatheratu, kenako zii. Tinakankhira galimoto pambali, dzuwa likuswa mtengo. Wogula uja anadikira mpaka masana, kenako anagula kwa ena.

Malume anaimbira makaniko wina wachikulire wa ku Nathenje, yemwe anafika pa kabaza ali ndi kachikwama ka masipanala. Sanafunse zambiri. Anamasula pulagi yoyamba, kuiyang'ana, kuinunkhiza, kenako yachiwiri. Zonse zinali bii ndi mwaye wouma ngati kunsi kwa mphika.

"Anagula ndani mapulagi awa?"

Malume anandiyang'ana, n'kuyankha modekha: "Ndi mwana wathuyu, wa ku yunivesite."

"Oho, a yunivesite, tasenderani kuno muone," anatero bambowo.

Zomwe anandiuza m'mbali mwa msewu, ndi zomwe ndinakawerenga pambuyo pake, ndi izi. Pulagi ntchito yake ndi kuthetheka moto woyatsa petulo wosakanizika ndi mpweya mu silinda. Kuti igwire bwino, nsonga yake iyenera kutentha mokwanira kuti izipsereza yokha mwaye, pafupifupi madigiri 500 kupita m'mwamba, koma isapitirire kwambiri madigiri 800, chifukwa ikatero imayatsa petulo nthawi isanakwane ndipo imatha kuwononga pisitoni. Nambala ya pakati ija imanena za kutentha kumeneku, osati za mphamvu. Pa mapulagi a NGK, nambala yaing'ono ndi pulagi yosunga kutentha, nambala yaikulu ndi pulagi yotaya kutentha msanga. Ya 7 imayenera injini yothamanga kwambiri, yotentha. Kagalimoto ka malume kamakhalira giya wani ndi thuu m'misewu yafumbi ya kumidzi, kuima apa, kunyamula thumba apo. Nsonga ya pulagi sinkatentha mokwanira, mwaye unaunjikana, moto n'kumathawira m'mbali m'malo modumpha pa nsonga.

Zilembo zinazo nazonso zili ndi tanthauzo. B akunena kunenepa kwa mazinga, mamilimita 14. E akunena kutalika kwake, mamilimita 19. Mukaika yaifupi moto umayakira m'dzenje, mukaika yaitali mopitirira imatha kugundana ndi pisitoni. Ndipo kampani iliyonse ili ndi kawerengedwe kake: kwa Bosch nambala yaikulu ndiyo yotentha, mosemphana ndi NGK. Ndiye kuti ngakhale nzeru yoti "yaikulu ndi yozizira" mukaitenga ngati lamulo la paliponse, mudzalakwitsanso.

Makaniko uja sanathere pa ine. Anatsegula fyuluta ya mpweya n'kuipeza yodzaza ndi fumbi la Mitundu, zomwe zimachititsa kuti injini izilandira petulo wambiri, mpweya wochepa. Anati pulagi ili ngati lilime la wodwala: ikakhala yofiirira pang'ono ngati tiyi wamkaka, injini ili bwino, ikada ndi mwaye wouma, petulo wachuluka kapena pulagiyo ndi yozizira, ikanyowa ndi oyilo, maring'i kapena mavalavu atopa, ikayera mbee n'kumatuwa ngati yapsa, kutentha kwanyanya. Mapulagi anga anakumana ndi fyuluta yotsekeka, zinthu ziwirizo n'kugwirizana kutigoneka pa msewu.

Chimene chimandivutitsa mpaka lero si kusadziwa. Palibe amene amabadwa akudziwa tanthauzo la BP5ES. Chondivutitsa ndi chakuti ndinali ndi njira zitatu zodziwira, ndipo sindinagwiritse ntchito ngakhale imodzi. Ndikanaimbira malume. Ndikanalowa sitolo yachiwiri. Ndikanafufuza pa intaneti, monga ndimachitira ndi asayimenti iliyonse. Ndinasiya zonsezo chifukwa ndinkadziona ngati munthu wophunzira amene watumidwa kantchito kakang'ono. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ife a ku koleji timaganiza kuti mwambiwu ukunena anthu ena.

Ndipo si ine ndekha. Ambirife tikapita kumudzi pa holide timafika ndi mayankho a mafunso omwe palibe watifunsa. Timasintha mbewu ya mayi chifukwa tinamva dzina latsopano m'kalasi, osafunsa chifukwa chake amabzala imene amabzalayo pa dothi limenelo. Makolo amatisiya, poti anatilipirira kuti tidziwe, ndipo amachita manyazi kutsutsa ndalama zawo zomwe.

Sindikunena kuti nzeru zonse zili pansi pa mtengo wa mango pomwe amakonzera galimoto. Ndaonapo anthu akuwotcha pulagi yakutha pa mbaula n'kuibwezera, ena akumanga pulagi iliyonse yomwe yalowa pa bowo. Ndaonanso ena akuthamangira mapulagi odula a iridium, omwe amakhalitsadi, koma sangachize injini yomwe ikudya oyilo kapena kabuleta yosachunidwa. Palinso mapulagi achinyengo olembedwa mayina a makampani odziwika, omwe amagwira anthu okonda zotchipa. Apa ndi pomwe sukulu yathu ikanathandiza: kuwerenga buku la galimoto, kumasulira zilembo za pa bokosi, kuyeza mpata wa pa nsonga, womwe pa injini ngati ya malume umakhala pafupifupi mamilimita 0.8. Bambo a ku Nathenje aja amawerenga mtundu wa mwaye, ine ndimatha kuwerenga buku. Tikanakumana ndisanagule, mtedza ukanafika.

Tsiku limenelo anatsuka mapulagiwo, kukuntha fyuluta, galimoto n'kulira mokwanira kutifikitsa ku Nathenje dzuwa litapendeka. Mtedza tinagulitsa mawa lake pa mtengo wotsikirapo. Kuphatikiza petulo, malipiro a makaniko ndi mapulagi ena anayi, ndalama yomwe inatayika inali gawo la fizi yanga, ndipo semesita imeneyo ndinalembetsa mochedwa.

Malume sanandikalipire. Lolemba lotsatira anakulunganso pulagi yakale ija m'pepala, n'kundipatsa pamodzi ndi ndalama ya minibasi.

"Muphwa, anayi ofanana ndi iyi."

"Chabwino malume. Ndikapanda kuwapeza ndikuimbirani."

Ndinawapeza m'sitolo yachitatu.