Mlonda wa Nkhalango ndi Galu Wamkota

Chigawo cha Norfolk, kum'mawa kwa dziko la England, n'chachidikha kotero kuti munthu akhoza kuyenda kuchokera m'mamawa mpaka dzuwa litapendeka osakumana ndi chitunda chomupumitsa wefuwefu. Kuli minda ikuluikulu ya tirigu ndi barele, ndipo pakati pa mindayo pali timisitu tokhala patalipatali ngati zilumba. Mlendo angaganize kuti timisituto tidangotsala pamene makolo ankaswa mphanje. Ayi ndithu. Tambiri tidachita kudzalidwa ndi eni minda akale kuti muzikhala mbalame zoti aziombera, ndipo mwambowu udakula kwambiri banja lachifumu litagula malo a Sandringham mu 1862.

Pa umodzi mwa minda imeneyi pali bambo ena amene asunga nkhalango ndi mbalame zake kwa zaka zoposa 40. Nyumba imene amagonamo ndi ya mwini munda, ndipo pangano lake n'lodziwika: ntchito ikatha, makiyi abwezedwe. Ana awo adakulira m'nyumbamo. Maliro a akazi awo adatulukira pakhomo lomwelo.

Mbalame imene amaisamala imatchedwa pheasant. Kukula kwake n'kofanana ndi nkhanga, koma tambala wake ali ndi mchira wautali, nthenga zofiirira zonyezimira ndi mutu wobiriwira. Kwawo kwenikweni ndi ku Asia. M'mwezi wa Julaye kumabwera anapiye a masabata 6 kapena 7 oswedwa ndi makina. Amawaika m'khola la waya lopanda denga pakati pa msitu, kunja kwake kutazungulira waya wamagetsi woopseza nkhandwe. M'mawa uliwonse bambowa amamwaza tirigu akuimba mluzu, kufikira mbalamezo zitazolowera kuti kwawo ndi m'nkhalangomo. Lamulo limalola kuziombera kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 1 Febuluwale, ndipo lamulo lakale la 1831 limaletsa kutero Lamulungu ndi pa Khirisimasi.

Pamenepa pali chinthu chovuta kuchimeza. Munthu alere mwanapiye, amuteteze ku mvula ndi ku nkhandwe, kenaka amuingitsire kumene kwaima anthu amfuti amene alipira ndalama zambiri, osati chifukwa cha nkhuli kapena njala, koma chisangalalo chabe! M'dziko la Britain mbalame zotulutsidwa motere chaka chilichonse ndi mamiliyoni makumi angapo, ndipo amene amatsutsa mchitidwewu, ponena kuti unyinji wotere umapsinja zamoyo zina zam'tchire, sanena bodza. N'zoonanso kuti pakadapanda ulenjewu timisitu tambiri tikadazulidwa kalekale kuti mathirakitala azitembenuka bwino. Bambowa salowerera mikangano yotere. Chimene iwo salola n'chimodzi chokha: kuti mbalame yolasidwa igone kutchire ikuvutika.

Mfuti zimalira masiku owerengeka pachaka. Zida za tsiku ndi tsiku ndi chikwanje ndi sowo ya injini. Pheasant safuna nkhalango ya mitengo italiitali imene pansi pake pali mbee, mphepo ikungodutsa. Amafuna zitsamba zofunda. Tsono nyengo yachisanu ikafika bambowa amadula mitengo ya hazel pafupi ndi nthaka, chigawo ichi chaka chino, chigawo icho chaka chamawa, kuti pobwerera kumene adayambira, patapita zaka 7 kapena 10, apeze zitsa zitaphuka ndodo zowongoka. Chodabwitsa n'chakuti chitsa chodulidwa motere chimakhala zaka zambiri kuposa mtengo umene nkhwangwa sidaukhudze. Pamwamba pa chitsa chilichonse amaunjikapo nthambi, apo ayi tiagwape totchedwa muntjac timadya mphukira zonse usiku.

Usiku wa pa 15 Okutobala 1987 mphepo yamkuntho idagwetsa mitengo pafupifupi 15 miliyoni kummwera ndi kum'mawa kwa England. Apo n'kuti bambowa ali ndi mwana mmodzi. Kutacha adapeza msitu wakumadzulo kwa munda utagona pansi, mizu ili m'mwamba. Adatha zaka ziwiri akuchotsa zipika, ndipo pamalopo adadzala mbande za ash, mtengo wa thabwa loyera ndi lolimba, losemera mipini, umenenso nkhuni zake zimayaka bwino. Adaipalira, adaidulira, ndipo idakula kuposa denga la tchalitchi cha m'mudzimo.

Mu 2012 kudamveka kuti matenda opha mitengo ya ash afika mu Britain, ndipo chaka chomwecho adapezeka m'nkhalango za Norfolk ndi Suffolk. Gwero lake ndi timabowa toyera tating'onoting'ono timene timamera pa timapesi ta masamba ogwa. Fumbi lake limauluzika ndi mphepo, limalowa m'masamba amoyo, n'kutseka njira zimene madzi amakwerera mumtengo. Nsonga zimayamba kuuma, khungwa limachita zipsera, ndipo thabwa limasanduka lophwanyika msanga, mwakuti kugwetsa mtengo wodwala n'kuika moyo pachiswe: nthambi yaikulu ikhoza kuthothoka sowo ikangogunda tsinde. Chaka ndi chaka bambowa akhala akupaka utoto wofiira pa mitengo imene adadzala ndi manja awo, kusonyeza yoti igwe.

Mnzawo pa zonsezi ndi galu wamkazi wakuda wa mtundu wa Labrador. Agalu aulenje wa mbalame ali ndi ntchito zosiyana. Spaniel ndi wamfupi, wamakutu ogwa, wosakhazikika. Amalowa m'minga ndi kuvumbulutsa mbalame. Labrador, amene makolo ake adachokera kwa asodzi a ku Newfoundland, amakhala phee kumbuyo kwa mzere wa mfuti, akuyang'anitsitsa pamene mbalame yagwera, osasuntha kufikira atatumidwa. Akaitola ayenera kubwera nayo m'kamwa osaiboola ndi dzino ngakhale limodzi. Kuphunzitsa galu khalidwe limeneli kumatenga chaka kapena ziwiri: kumuponyera kathumba kansalu, kumuletsa kukathamangira, kumuimitsa ndi wezulo ali patali, kumulozera ndi dzanja kumanja kapena kumanzere. Galu wothamanga asanauzidwe amachititsa manyazi mbuye wake pamaso pa alendo.

Wa bambowa adafika zaka 11. Kukamwa kudachita imvi, miyendo yakumbuyo idayamba kuuma m'mawa, ndipo makutu adagontha, wezulo sankaimvanso. Mnyamata amene mwini munda adamulemba kuti aziwathandiza, wophunzira ntchitoyi ku koleji ndiponso mwini agalu awiri anthete, adanena mwaulemu kuti galuyo azitsala pakhomo. Sadalakwe. Galu wosamva akhoza kulondola mbalame mpaka pamsewu wa galimoto, mbuye wake akuimba wezulo pachabe. Bambowa adangoti, "Ndamva, mwana wanga." M'thumba la jekete lawo mudali kalata ya mwini munda yowathokoza chifukwa cha zaka zonsezo ndi kuwadziwitsa kuti nyengo imeneyo idali yomaliza.

Tsiku lotsekera ulenje lili ndi mwambo wake. Anthu am'mudzi amene miyezi yonseyo amayenda m'minga akumenya mitengo ndi ndodo kuti mbalame ziuluke, ndiwo amagwira mfuti tsiku limenelo. Kudacha ndi chifunga, udzu uli mbuu ndi chisanu. Bambowa adatsegula chitseko cha galimoto, ndipo galu wokalambayo adayesa kudumphiramo n'kulephera. Adamunyamula.

Chakumadzulo, paulendo womaliza, tambala wina adauluka pamwamba kwambiri. Mfuti idalira, iye adagwedezeka, mwendo umodzi uli lendee, koma adapitirira ndithu mpaka kukagwera m'bango la m'mbali mwa ngalande, mtunda wautali kuchokera pamene anthu adaima. Mnyamata uja adatuma agalu ake. Adathamanga mokongola, adasesa bango lonse uku ndi uku, n'kubwerako m'kamwa muli gwa, mopanda kanthu. Adawatumanso kawiri. Mdima udayamba kugwa, ndipo ena adayamba kunena za moto ndi msuzi wotentha zimene zinkawadikira m'nkhokwe ya tirigu.

Bambowa adatsika ndi galu wawo kukafika pangalande, adamugwira pamutu kuti awayang'ane, n'kuloza ndi dzanja. Galuyo sadathamange. Adayenda pang'onopang'ono, mphuno ili pansi, ndipo m'malo molowa m'bango adalisiya kumbuyo n'kutsata mphepete mwa madzi, kumene palibe adaganizako. Tambala wolasidwa phiko kapena mwendo sakhala pamene wagwera. Amakwawa kufuna pobisala. Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Koma kutsogolo kwa ngalandeyo kudali mlatho, ndipo pamlathopo pamadutsa malole a shuga nyengo yachisanu. Galu adazimirira m'chifunga. Bambowa adaika wezulo pakamwa mwachizolowezi, kenaka adaitsitsa osaiimba. Anthu onse adangoti zii. Kudamveka lole ikubwera, nyali zake zidawala m'chifungamo, idagunda matabwa a mlatho, n'kupita.

Padapita nthawi yoti munthu n'kufika kumlathoko ndi kubwerako. Mnyamatayo ndiye adayamba kumuona: chinthu chakuda chikutsimphina m'matope, mchira wautali wa mbalame ukulendewera pambali pa kamwa. Tambalayo adali wamoyo, maso ali tong'o, wopanda bala la dzino. Bambowa adamulandira n'kumumaliza msangamsanga, monga ntchito yawo ifunira. Galu adakhala pansi ndipo sadathenso kudzuka. Mnyamata uja adavula jekete lake, adamukulunga, n'kumunyamula yekha mpaka kugalimoto, osalankhula kanthu.

Sabata yotsatira sowo idalira mumsitu wakumadzulo, pakuti kugwetsa mitengo kuyenera kutha mbalame zisanayambe kumanga zisa. Awiriwo adayenda mzere ndi mzere, mnyamata atanyamula chitini cha utoto. Atafika pamtengo wina wa pakona, mnyamatayo adatukula dzanja kuti apake, koma bambowa adamugwira mkono. Mtengo umenewo udali ndi masamba odzaza m'chilimwe chathachi pamene anzake onse adali mbee, ndipo akatswiri amalangiza kuti yotere isiyidwe, chifukwa ilipo yochepa imene imapirira matendawa ndipo mbewu zake zikhoza kutengera. Adamuonetsanso pamene adakwirira mbande za oak 200 zodikira kuokeredwa, ndi kumuuza kuti ayambire kumtunda kumene madzi sadikha.

Kunyumba makatoni adali atayamba kuunjikana pakhonde. Galu adagona pafupi ndi mbaula, mwendo uli womanga ndi bandeji, ndipo sadamve chitseko chikutseguka. Adadzidzimuka ndi fungo la utuchi pa nsapato za mbuye wake, n'kumenya mchira pansi kawiri.