Mbendera ya a Fomu 4 ndi kope lomwe ndinalanda

Pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali, kuchonga mayeso kunandipanikiza. Lero ndabwera ndi nkhani ya mbendera, ndipo ikundichititsa manyazi pang'ono.

Teremu yathayi ahedi anandipatsa ntchito yokonza kanema woonetsa pa mwambo wotsanzikana ndi a Fomu 4. Mukudziwa mmene zimakhalira pasukulu: ukangooneka ndi laputopu kawiri, basi wasanduka katswiri wa makompyuta. Iwo ankafuna kuti kanemayo ayambe ndi mbendera ya dziko lathu ikukupizidwa ndi mphepo.

Chithunzi cha mbenderayo ndinachipeza kwa mkulu wina amene amadinda malaya m'tauni. Anachijambula mu Adobe Illustrator, ndipo chinali cha mtundu wa vector. Kwa amene simukudziwa, chithunzi cha pafoni chimapangidwa ndi timadontho, n'chifukwa chake ukachikulitsa chimachita mbuu. Cha vector ndi mizere imene kompyuta imaiwerengera ndi masamu. Ungachidinde pa baji kapena pa khoma lonse la holo, dzuwa lija ndi timizere take 31 zimaonekabe bwinobwino.

Koma nditachilowetsa mu After Effects n'kuchikulitsa, m'mphepete mwa dzuwa munachita manomano ngati sowo. Ndinati zimenezo ndiziona pambuyo. Ndinayamba kuigwedeza mbenderayo ndekha, kuipendeketsa uku ndi uku ndi ma keyframe. Masiku atatu ndinagona mochedwa, koma chomwe chinatuluka chinali chitseko cha mitundu itatu chikutseguka ndi kutsekeka. Mayi a kunyumba atachiona anangoti, "Kagoneni, bambo."

Mphunzitsi mnzanga ndi amene anandipatsa nambala ya mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kale, nthawi imene Physical Science inali isanagawidwe kukhala Physics ndi Chemistry. Panopa amakonza makanema otsatsa malonda ku Blantyre. Ndinazengereza kumuimbira, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Mnyamatayu ankakhala kumbuyo kwenikweni, ntchito kujambula zithunzi ine ndikuphunzitsa. Tsiku lina ndinamulanda kope lake la zojambula n'kumuuza pamaso pa kalasi yonse kuti, "Zithunzizi sizidzakudyetsa." Anzake anaseka. Pa MSCE phunziro langa anapeza 8, ndipo mumtima ndinati ndinanena ine.

Nditamuimbira pa WhatsApp anandilandira mwaulemu, ngati palibe chinachitika. Za manomano zija anati ndidinde kabatani kooneka ngati kadzuwa, kotchedwa Continuously Rasterize, kuti pulogalamuyo izijambulanso mizere ija mwatsopano pa saizi iliyonse. Manomano anatha pomwepo. Kenaka anati mbenderayo ndiiike mu composition yakeyake, mbali ya kumtengo igunde m'mphepete mwa kumanzere, ndisiye mpata pamwamba ndi pansi kuti nsonga za mafunde zisadulidwe. Pamwamba pake ndiike Wave Warp, yomwe imapezeka pa gulu la Distort.

Nditatero mbendera inayamba kugwedezeka yokha, koma inkaoneka ngati lata. Iye anaseka. "Aphunzitsi, mwaiwala chingwe chija munkamangirira pa zenera? Wave Height ndi amplitude, Wave Width ndi imene imasintha wavelength. Mafunde anuwo athinana, atalikitseni." Ndinaika Height pa 25, Width pa 400, lata lija n'kusanduka nsalu. Pa Pinning anati ndisankhe Left Edge kuti mbali ya kumtengo isamasunthe, monga dzanja la mwana wogwira chingwe. Ayi, anadzikonza yekha, monga mfundo ya pa zenera, chifukwa dzanja ndi limene limagwedeza.

Chimene chinanditsitsa pa mpando ndi chotsatirachi. Anati, "Koma pa Wave Speed asakunamizeni. Imeneyo si speed, ndi frequency, mafunde angati pa sekondi imodzi. Mukaika 1, kanema wa masekondi 10 athera pomwe anayambira, ndiye mutha kumubwereza osadumpha. Mukafuna speed yeniyeni muchulukitse ndi wavelength." Abale, ameneyu ndi v = fλ, yemwe ndakhala ndikumulemba pa bolodi zaka zonsezi! Anawonjezanso kuti ndiyang'anitsitse dzuwa lija: funde likuyenda kupita kumanja, koma dzuwalo likungokwera ndi kutsika pamalo pomwepo. Transverse wave, ndendende monga mwa silabasi. Mwana wa 8 uja.

Ndinakhala chete mpaka anafunsa ngati netiweki yathawa. Ndinamuuza kuti ndikukumbukira za kope lija ndipo ndinalakwa. Anati, "Zinapita zimenezo, aphunzitsi. Kungoti munali chithunzi cha mayi anga mmenemo." Kopelo ndalifunafuna m'makatoni onse a m'nyumba muno. Ndasamuka kawiri chilandireni, ndipo silinapezeke.

Kanema anaonetsedwa, makolo anaomba m'manja, ahedi anandiyamikira pa mayiki. Ndinapempha mayikiyo n'kunena kuti ntchito yeniyeni anagwira ndi wophunzira wakale wa pasukulu pano.

Tsopano ndikafika pa mutu wa mafunde, chingwe ndimatengabe, koma ndimatenganso laputopu. Ndimaitana mwana mmodzi kuti asinthe Height, wina Width, anzawo aziuza kalasi chomwe chichitike asanadinde. Amene amathamangira kutsogolo kawirikawiri ndi a kumbuyo aja, amene mayeso olemba amawavuta. Sindikunena kuti mayeso ndi achabe. Mnyamata uja akanalimbikira akanakhoza bwino, ndipo iye mwini akuvomereza. Koma ine ndinayesa kuti 8 wandiuza zonse za iye, pomwe anangondiuza za pepala limodzi.

Aphunzitsi anzanga, amene mukufuna fayilo ya mbenderayi kuti mukaphunzitsire, ndiuzeni ndikutumizirani. Ndipo inu ana anga akale, ngati alipo wina amene ndinamulanda kanthu kapena kumunenera mawu olasa, ndilembereni. Makatoni aja ndikadawatsegulabe.