Mawu Akathawa, Munthu Akadalipo

Kusowa mawu si kusowa nzeru. Agogo anga, amene kale ankaphunzitsa Sukulu ya Sabata, sanagwe kapena kufa ziwalo, koma lilime linkangolemera chaka ndi chaka. Ena anati alodzedwa. Adokotala anati ndi primary progressive aphasia: maselo a kumanzere kwa ubongo, kumene kumayendetsa chilankhulo, amafa pang'onopang'ono, ndipo mankhwala ochiza palibe. Komabe agogo amamva, amatizindikira, ndipo zimawapweteka tikawamalizira chiganizo.

Choncho abale ndi alongo, mukamachezera wodwala wotere Sabata masana, musamudumphe n'kumafunsa womusamalira. Muyang'aneni, mufunseni funso lofuna "inde" kapena "ayi", kenako dikirani. Kudikirako nakonso ndi utumiki.