Kalata kwa mphwanga: za kamphete kamkuwa ka m'giyabokosi

Kwa Khwethemule, Thyolo

Wokondedwa mphwanga,

  Kuno kumudzi mvula yagwa mokwanira, tiyi waphukira, ndipo mathirakitala a m'maesiteti akukoka ngolo za masamba mpaka mdima.

Uthenga wako unandipeza. Ukufunsa chifukwa chake madalaivala akuluakulu amaponda kilachi kawiri posintha giya, pomwe galimoto zimene mukuphwasula kusukulu kwanuko zimalowa giya ndi kuponda kamodzi. Funsoli landisangalatsa, pakuti amakaniko ambiri amasintha chitsulo chimene sanadzifunsepo kuti chinabwera kudzathetsa vuto lanji. Chitsulo chake ndi kamphete kamkuwa kamene kugalaja timakatcha synchro.

Uyambe wamvetsa vuto lenilenilo. Ukumbukira tili ana tinkadumphira ngolo ya thirakitala ikupita kufakitale. Ukaidumphira uli chiimire imakugwetsa, koma ukathamanga pambali pake mpaka liwiro lako lifanane ndi lake, umangokwera bwinobwino. M'giyabokosi zili chimodzimodzi. Mbali imodzi yalumikizidwa ku mateyala, ikuzungulira monga momwe galimoto ikuthamangira. Mbali ina ili ku kilachi ndi injini. Mano a mbali ziwirizi sangalowane ngati liwiro lawo lasiyana. Amangokhulana, ndipo kulira kuja kumene timati galimoto ikukana giya ndi zitsulo zikudyana.

Galimoto zoyamba zinalibe chothandizira chilichonse. Cha m'ma 1890 kampani ya Panhard et Levassor ya ku France inapanga giyabokosi imene dalaivala ankakankha giya yathunthu pa shafuti kuti mano ake akalowe m'mano a inzake. Kwa zaka zoposa 30 galimoto zambiri padziko zinkayenda chomwecho. Kuti mano asathyoke, dalaivala ankalinganiza yekha liwiro. Potsika kuchoka pa giya yachitatu kupita yachiwiri ankaponda kilachi n'kuika pa fili, kusiya kilachi, kuponda faya pang'ono kuti magiya a mkati athamange, kupondanso kilachi, kenako n'kulowetsa. Imeneyi ndiyo dabulo kilachi wafunsayo. Chida chake chachikulu chinali khutu. Dalaivala wabwino ankamva pa kulira kwa injini kuti nthawi yakwana.

Ganizira tsono ntchito imeneyi m'misewu yathu ino. Tiyi anafika ku Thyolo mu 1908, chaka chomwenso njanji yodutsa ku Luchenza inafika ku Blantyre. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923. Malole atayamba kulowa m'malo mwa mtengatenga ndi ngolo za ng'ombe, mabokosi a tiyi ankayenera kutsika ndi kukwera zitunda zathuzi kupita kusiteshoni. Pamsewu wa fumbi, nthawi ya dzinja, lole yodzaza ikaphonya giya pakati pa chitunda imayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo mabuleki a nthawi imeneyo sanali oti n'kuwadalira kwambiri. N'chifukwa chake dalaivala wa lole anali munthu wolemekezeka pa esiteti. Ine ndimaona kuti ulemuwo unali woyenera.

Munthu amene anachotsa ntchitoyi m'khutu la dalaivala n'kuiika m'chitsulo ndi Earl A. Thompson, injiniya wa ku Oregon m'dziko la America. Anayamba kuganizira za nkhaniyi cha m'ma 1918 ndipo analandira chiphaso cha luso lakelo mu 1922. Nzeru yake inali yakuti mano asanakhudzane, pakhale kaye tizitsulo tiwiri tosalala, tosongoka pang'ono, tokhudzana n'kukhulana mpaka liwiro la mbali ziwiri lifanane. Kunena kwina, kakilachi kakang'ono pa giya iliyonse. Kampani ya General Motors inatenga luso limeneli, ndipo mu 1928 inatulutsa galimoto za Cadillac ndi LaSalle zokhala ndi chimene anachitcha Synchro-Mesh. Zinali za magiya atatu, ndipo synchro inali pa yachiwiri ndi yachitatu pokha. Thompson yemweyu ndiye anadzatsogoleranso gulu limene linapanga Hydra-Matic, giyabokosi yosintha yokha imene inatuluka ndi Oldsmobile ya 1940.

Ku Britain, kumene galimoto zambiri za Nyasaland zinkachokera, luso limeneli linalowera ku Vauxhall, popeza General Motors inali itagula kampaniyo mu 1925. Vauxhall Cadet inakhala nayo synchro kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Vauxhall yomweyo ndiyo inkapanga malole a Bedford aja kuyambira 1931, amene agogo athu anakwera kwambiri. Mu 1933 kampani ya Alvis ya ku Coventry inaika synchro pa magiya onse anayi opita kutsogolo pa galimoto yake ya Speed 20.

Koma ma synchro oyambawo anali ndi chofooka. Dalaivala akakankha ndodo ya magiya mwamphamvu, mano ankafika liwiro lisanafanane, n'kukhulana monga kale. Apa ndi pamene panabwera nzeru imene ine ndimaikonda kuposa zonse m'galimoto, ndipo ndikufuna uimvetse bwino, chifukwa ndiyo udzaipeza mu Hiace ndi Hilux zimene zidzakudyetsa. Amakaniko ambiri amaitchula ndi dzina la kampani ya Borg-Warner.

Magiya a masiku ano amakhala olumana nthawi zonse, ndipo aja a pa shafuti yopita ku mateyala amangozungulira momasuka. Chimene foloko imakankha ndi kolala imene imayenda pa habu, kuti ikagwire timano tating'ono ta m'mbali mwa giya n'kuimangirira ku shafuti. Pakati pa kolala ndi giya ndi pamene pamakhala kamphete kamkuwa kaja. Ukayamba kukankha ndodo, timakiyi titatu ta m'habu timakankhira mphete pa kooni ya giya. Popeza liwiro n'losiyana, kukhulanako kumapotoza mphete pang'ono chabe, pafupifupi theka la dzino, ndipo timano take timaima ndendende pakhomo pa mano a kolala. Njira yatsekeka. Ukawonjezera mphamvu, umangothinitsa mphete pa kooni, ndiye imatsekabe kolimba uku ikufulumizitsa kulinganiza. Liwiro likangofanana, mphamvu yopotoza ija imatha, nsonga zosongoka za mano a kolala zimakankhira mphete pambali, giya n'kulowa. Zonsezi zimachitika sekondi isanathe. Palibe waya, palibe kompyuta. Kusiyana kwa liwiro ndiko kumatseka khomo, ndipo kukatha khomo limatseguka lokha.

Panali njira inanso. Porsche ya ku Germany inapanga mphete yodula pena, yotanuka ngati sipuling'i, n'kuiika mu Porsche 356 mu 1952, ndipo makampani monga Alfa Romeo ndi BMW anagula chilolezo choigwiritsa ntchito. Inali yofulumira, koma ikatha imavuta ndi kudula pokonza. Pamapeto pake mphete yotsekera njira ija ndiyo inafala.

Kuno kwathu zinthuzi zinachedwa kufika pa galimoto zogwira ntchito. Land Rover, imene inali galimoto ya mabwana a maesiteti, apolisi ndi zipatala za mishoni, inayamba mu 1948, koma mpaka pa Series IIA synchro inali pa giya yachitatu ndi yachinayi zokha. Yoyamba ndi yachiwiri, zimene zimafunika kwambiri pokwera zitunda za ku Thekerani, zinkafunabe dabulo kilachi. Series III ya 1971 ndiyo inabwera ndi synchro pa zinayi zonse. Mathirakitala akale a Massey Ferguson, monga 35 ndi 135 yoyamba ija ya 1964, analibe. Pa mathirakitala amenewa unkasankha giya uli chiimire n'kunyamukira pomwepo, ndipo wosintha ikuyenda ankafunika luso. Ngakhale lero, mathiraki ambiri a ku America okhala ndi giyabokosi ya Eaton Fuller, onga ma Freightliner amene umawaona akuchokera ku Beira ndi ku Durban, alibe synchro pa magiya ake akuluakulu. Ndiye madalaivala akuluakulu oponda kawiri aja sakuchita zachikale chabe. Phazi lawo linaphunzira pa makina amene ankafunadi zimenezo.

Chimene chimandipweteka mtima ndi momwe kamphete kameneka kamazunzikira m'maminibasi athu. Pamsewu wa Limbe kupita ku Thyolo ndi ku Mulanje minibasi imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, n'kunyamuka mothamangitsana ndi inzake. Kuchoka pa giya yoyamba kupita yachiwiri ndi pamene liwiro limasiyana kwambiri, ndipo ndi pamene dzanja la dalaivala limakhala lachangu. N'chifukwa chake giya yachiwiri ndiyo imayamba kulira. Opanga galimoto akudziwa zimenezi, moti pa magiya apansi amaika makooni awiri kapena atatu m'malo mwa imodzi, kuti pokhulana pakule, ndipo ena amamata mpheteyo ndi molybdenum kapena kaboni. Komabe mkuwa unasankhidwa dala kuti uzitha iwo m'malo mwa giya, chifukwa mphete ndi yotsika mtengo kuposa giya.

Galimoto ikakupeza ndi dandaulo la kukana giya, usathamangire kutsitsa giyabokosi. Yamba ndi kilachi. Ntchito ya mphete ndi kufulumizitsa kapena kuchedwetsa mbale ya kilachi ndi mashafuti a kutsogolo basi. Kilachi ikapanda kumasuka kwathunthu, kamphete kakang'onoko kamalimbana ndi injini yonse, ndipo ngakhale katsopano kamatha msanga. Njira yodziwira ndi livesi, imene pa galimoto zambiri zakale ilibe synchro. Ngati ikulira ngakhale utaponda kilachi n'kudikira pang'ono galimoto ili chiimire, vuto lili ku kilachi.

Kenako funsa za oyilo. Mkati mwa mphete muli timizere tosaoneka bwino timene timadula oyilo pa kooni kuti zitsulo zigwirane. Oyilo wolimba kwambiri amachedwetsa zimenezi, makamaka m'mawa wa Juni kuno kukazizira ndi chiperoni. Oyilo wina wa GL-5, wopangidwira difu, ali ndi mankhwala a sulufule ochuluka amene sagwirizana ndi mkuwa. Ngati buku la galimotoyo lanena GL-4, thira GL-4, ngakhale wogulitsa akuuze kuti zonse n'chimodzimodzi.

Ukatsegula, ika mphete pa kooni yake, uithinitse ndi dzanja n'kuyesa kuipotoza. Yabwino imagwira. Yeza ndi fila geji mpata wa pakati pa mphete ndi timano ta giya. Yatsopano imasiya mpata wa pafupifupi milimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo malire ake enieni ali m'buku la galimoto iliyonse. Mphete ikafika pogunda giya, yatha, ngakhale ikuoneka yowala. Yang'ananso nsonga za mano a kolala, chifukwa zikabunthuka mphete yatsopano siithandiza kanthu. Posankha pakati pa mphete yatsopano yosadziwika kochokera ndi yakale yochotsedwa m'galimoto ya ku Japan, ine ndimayeza zonse ziwiri pa kooni ndisanalipire.

Kuseri kwa nyumba ndasunga giyabokosi yakale ya Hilux. Ukabwera pa tchuthi utenge fila geji yako, tidzaiphwasule limodzi, uone ndi maso ako momwe mphete imatsekera njira. Amayi akuti uwabweretsere sopo ndi mchere wa m'tauni. Upereke moni kwa anzako onse kumeneko.

Ndine mkulu wako.