Pulogalamu ilimo, kompyuta ikuti palibe

Pa mauthenga onse amene kompyuta imalemba ikalephera ntchito, umene umasocheretsa anthu kwambiri ndi uja woti "command not found". Ambiri akauona amangoti pulogalamu palibe, ndiye amagulanso bandulo n'kuyamba kudawunilodanso. Koma nthawi zambiri pulogalamuyo imakhala ili momwemo. Kompyuta yangoyang'ana m'malo amene inauzidwa, sinaipeze, n'kusiyira pomwepo.

Ine sindiphunzira za makompyuta ayi, ndimaphunzira mabuku ndi zilankhulo. Nkhaniyi inandipeza chifukwa cha kafukufuku wanga wa chaka chomaliza, amene ndimamulemba ngati mawu wamba kenako n'kumusandutsa PDF. Ntchitoyi imafuna zida zitatu. Pandoc imawerenga zimene ndalemba, xelatex imayala masamba, ndipo make ndiye kapitawo woitana ziwirizo mwadongosolo. Make ndi yakale ndithu, anailemba Stuart Feldman ku Bell Labs mu 1976. Pandoc ndi ya John MacFarlane, pulofesa wa filosofi ku Berkeley, ndipo ndikakumbukira zimenezi ndimamva kuti nafenso a zaumunthu sitili alendo kuno.

Kapitawo ameneyu sasakasaka m'kompyuta monse. Pa Linux pali mndandanda wotchedwa PATH, wokhala ndi mafoda monga /usr/local/bin ndi /usr/bin. Ukatchula dzina la chida, kompyuta imayamba ndi foda yoyamba, kenako yachiwiri, mpaka itachipeza. Chimene chapezeka koyamba ndicho chimagwira ntchito, ngakhale chitakhala chakale. Chida chikakhala kunja kwa mndandandawu, kwa make chili ngati kulibe.

Apa m'pamene pali dandaulo langa. Mafoda amene amatchedwa malo oyenera aja amaikamo zinthu ndi amene ali ndi chilolezo cha root, kutanthauza mwini kompyuta. Nanga ndi angati mwa ife amene tili eni? Wina akugwiritsa ntchito kompyuta ya mu labu, wina laputopu yobwereka kwa mlongo wake Loweruka lokha. TeX Live, m'mene mumakhala xelatex, ikakhala yathunthu imadya magigabaiti angapo, choncho ambiri timaikopera kwa mnzathu pa fulashi n'kuiika m'foda yathu. Kwa wophunzira wotere, malo achilendo ndiwo malo okhawo amene ali nawo. Ndipotu ngakhale TeX Live yoikidwa ndi mwini kompyuta imakakhala m'foda yakeyake, /usr/local/texlive, pansi pa chaka chimene inatuluka, ndipo imafunikabe kuiwonjezera pa PATH.

Malangizo ambiri amati onjezani fodayo mu .bashrc. Zimatheka, koma ine sindizikonda kwenikweni, chifukwa .bashrc imatsala pa kompyuta imodzi pamene kafukufuku wanga amagona m'thumba. Ndimakonda kulemba nkhani yonse mu Makefile, imene imayenda limodzi ndi machaputala. Pamwamba ndinalemba PANDOC ?= pandoc ndi XELATEX ?= xelatex. Chizindikiro cha ?= chimatanthauza kuti dzina limeneli ligwire ntchito pokhapokha ngati palibe amene wanena zina. Ndikakhala pa kompyuta imene zida zili m'malo ozolowereka, ndimangolemba make basi. Ndikakhala pa ya eni ake, ndimalemba make XELATEX= n'kutsatiza njira yonse yopita kumene chidacho chili. Pandoc imalola zimenezi, chifukwa --pdf-engine imalandira dzina lokha kapena njira yathunthu.

Mnzanga wa sayansi amene ndimagona naye chipinda chimodzi amati imeneyi ndi ntchito yowonjezera, bola kukapempha woyang'anira labu aike zonse pamalo ake. Ali ndi mfundo. Koma pempho lotero limadikira munthu wina apeze mpata, pamene tsiku lopereka kafukufuku silisuntha.

Iyeyo amagwiritsa ntchito CMake, ndipo vuto lake ndi lomweli, langovala malaya ena. Kumeneko amatchula foda ya zida kudzera mu CMAKE_PREFIX_PATH. Chovuta n'choti CMake ikapeza chida kamodzi imalemba malowo mu CMakeCache.txt, ndiye ngakhale uike chatsopano kwina, iyo imakakamirabe chakale mpaka utafufuta fayiloyo. Sabata yatha ndinamuona akuifufuta katatu usiku umodzi.