Za Mbewa za M'labotale ndi Makutu a Ana a ku Nkhunga

Kafukufuku wa puloteni yokulitsa mitsempha, yomwe asayansi amaitcha NGF ndipo idapezetsa Rita Levi-Montalcini ndi Stanley Cohen mphoto ya Nobel mu 1986, wafika mpaka m'khutu. Mbewa za m'labotale zimene zimagontha msanga chifukwa cha chibadwa chawo zitapatsidwa puloteniyi, kugontha kwawo kudachedwerapo, popeza idateteza mitsempha ndi timaselo taubweya ta m'kati mwa khutu, tomwe timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo, ndipo tikafa sitimeranso mwa munthu.

Kuchedwetsa kugontha kwa mbewa sikunafike pochiza mwana wobadwa wosamva, ndipo kholo la ku Nkhunga siliyenera kulonjezedwa zomwe kulibe. Chopweteka n'chakuti ana ambiri ogontha kuno sagontha ndi chibadwa, koma ndi mafinya a m'khutu osachizidwa, malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi, pamene zipatala zodziwika zoyezera makutu zili kutali, ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Kodi mwana wa kunyanja kuno amayezedwa makutu ali ndi zaka zingati?