Masiku a Ski-Doo ku Lac Saint-Jean

Adzukulu anga, inu mukamadandaula chisanu cha mu Juni, mpaka kukana kusamba m'mawa ati madzi a pa mjigo akuluma, ine ndimangoseka chamumtima, poti ndinakhalako kudziko kumene nyanja yathunthu imauma gwa, anthu n'kumayendapo ndi makina, ena n'kumangapo tinyumba towedzeramo nsomba. Dzikolo ndi Québec, chigawo cha Canada chimene anthu ake amalankhula Chifalansa. Musadabwe kuti ndinakafikako bwanji. Kalelo ansembe, abulazala ndi masisitere ambiri a m'sukulu za mishoni kuno kwathu anali ochokera komweko, ndipo mmodzi wa iwo, bulazala amene ankatiphunzitsa sayansi, ndiye anandikankhira ku maphunziro a zaulimi ku Université Laval mu 1970. Iyeyo kwawo kunali ku Lac Saint-Jean, kumpoto kwa mzinda wa Québec, tsono analembera kalata achimwene ake, mlimi wa ng'ombe zamkaka, kuti pa tchuthi mwana wa eniyu asamagone yekha ku hositelo.

Pakhomo pamenepo m'pamene ndinaonera koyamba Ski-Doo. Inali yachikasu, itaimikidwa m'khola pambali pa mitolo ya udzu wouma, mphaka atagona pampando pake. Mateyala ilibe. Kutsogolo kuli mapazi awiri achitsulo, aataliatali, opindikira m'mwamba, amene amatsetsereka pa sinowo. Kunsi kuli lamba wa labala wotambalala, wamanomano, amene injini imazunguza, ndipo ndiye amakankha chinthu chonsecho. Chiwongolero chake n'cha njinga yamoto, moto umaupatsa ndi chala chachikulu cha kumanja. Petulo tinkasakaniza ndi oyilo m'chigubu, kukhutchumula bwinobwino, kuthira, kenaka kukoka chingwe. Kukazizira kwambiri unkakoka mpaka thukuta kamukamu mkati mwa zovala pamene mphuno yachita dzanzi, ndiye mwadzidzidzi inkabangula, kautsi kabuluu tolotolo m'khola monse, ng'ombe n'kumatembenuka kutiyang'ana. Fungo limenelo, la oyilo wopsa kusakanikirana ndi ndowe ndi mpweya wozizira, ndikalikumbuka ngakhale lero malovu amadzadza m'kamwa, chifukwa linkatanthauza ulendo ndiponso chakudya cha kumene tikupitako. Bambo a pakhomopo sankanyamuka opanda mapulagi apadera m'thumba la malaya ndi lamba wa injini wina pansi pa mpando, poti zinthu ziwiri zimenezi zinkadziwa kukusiya munthu pakati pa thengo.

Mayi a pakhomopo ndiwo ankakonda kusimba za mwini luso limeneli, Joseph-Armand Bombardier, ndipo ankamutchula ndi ulemu wa munthu wa pachibale. Anabadwa mu 1907 m'mudzi wa Valcourt, anali makaniko wa pa galaja chabe. M'nyengo yozizira ya 1934 mwana wake wamng'ono, Yvon, anadwala nthenda ya m'mimba yofunika opaleshoni, misewu yonse itakwiririka ndi sinowo, ndipo mwanayo anatsirizika asanafike naye kuchipatala. Mayiwo akafika pamenepa ankaleka kusenda mbatata. Ankati inu a masiku ano simudziwa, kale sinowo ikagwa mudzi unkatsekeka mpaka Epulo, mayi wapakati ankangodalira Mulungu ndi hatchi. Mu 1937 Bombardier anatulutsa chigalimoto cha pa sinowo chotchedwa B7, chonyamula anthu 7, ndipo amene anayamba kugula anali madokotala a kumidzi ndi ansembe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 boma litayamba kumachotsa sinowo m'misewu ya kumidzi, malonda a zigalimotozo anagwa, koma mkuluyo sanagwe nawo mphwayi. Mu 1959 anatulutsa kamakina kakang'ono kokwera munthu mmodzi kapena awiri, ndipo kena mwa toyambirira anakapereka yekha kwa wansembe Maurice Ouimet, amene ankatumikira eni nthaka a kumpoto kwa Ontario. Bombardier anamwalira mu 1964, misala yake yeniyeni isanayambe.

Ndikuti misala, chifukwa pamene ine ndinkafika dziko lonse linali litapenga nazo. Mu 1968 gulu la Ralph Plaisted linali litafika ku North Pole pa ma Ski-Doo, ndipo aliyense ankaikamba nkhaniyo monyadira. Makampani opanga makinawa anapitirira 100. Munthu ankadziwika ndi mtundu wa makina ake: achikasu a Ski-Doo, aolenji a Moto-Ski a ku La Pocatière, obiriwira a Skiroule, abuluu a Sno-Jet a ku Thetford Mines, ndipo potuluka m'tchalitchi Lamulungu amuna ankanyozana za mitundu imeneyi mpaka akazi awo kuwakoka malaya. Chimphepo cha sinowo cha pa 4 Malichi 1971 chitatseka misewu ya mu Montréal, amene ankayenda m'tauni monse anali a makinawa basi. Mafuta atakwera mtengo mu 1973 makampani ambiri aja anatha ngati makatani, n'kutsala owerengeka.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi cha njira. Makina amagulidwa m'sitolo, njira ayi. Poyamba aliyense ankangodutsa paliponse, m'minda ya eni, kuthyola timitengo tongobzala kumene, kuopseza ziweto, ndipo ena anafa atawomba waya wa mpanda usiku. Ndiye anthu a m'midzi anayamba kupanga makalabu. Mu Okutobala, masamba atayoyoka, bambo aja ndi anzawo ankayenda khomo ndi khomo kupempha alimi kuti alole njira idutse m'mphepete mwa munda, ndipo mlimi akavomera ankatsegula yekha mpanda wake, osalandira kanthu. Loweruka lililonse tinkalowa m'nkhalango ndi nkhwangwa ndi macheka, kusadza nthambi, kuyala milatho ya mitengo pa timitsinje, kuzika timitengo tofiira tosonyeza njira. Inali dima ndithu, yosiyana ndi ya kwathu pokhapo poti m'malo mwa thobwa amayi ankabweretsa khofi m'mafulasiki ndi mphika wa nyemba zophikira nyama ya nkhumba. Sinowo ikagwa, njira inkachita mabampu chifukwa cha makina odutsa, ndiye usiku mnyamata mmodzi ankamangirira masipulingi a bedi lakale kumbuyo kwa Ski-Doo, kusanjikapo miyala, n'kumalikoka uku ndi uku kuti lisalaze. Mu 1974 makalabuwo anagwirizana n'kupanga bungwe limodzi, Fédération des clubs de motoneigistes du Québec, ndipo lero njira zawo zimakwana makilomita pafupifupi 33,000, zosalazidwa ndi mathirakitala akuluakulu. Komabe mbali yaikulu ikudutsabe m'minda ya anthu amene anangoti inde, dutsani.

Mwa njira zonsezo, ya pamtima panga ndi yozungulira Lac Saint-Jean. Dera lake n'lachidikha, minda yoyera mbuu mpaka kumene maso alekezera, ndipo mudzi uliwonse umauona uli patali chifukwa cha nsanja ya tchalitchi yonyezimira. Tinkanyamuka cha ku Hébertville kukacha, kudzera ku Métabetchouan ndi Chambord, n'kupatukira ku Val-Jalbert, mudzi umene anthu anausiya fakitale yake yogaya mitengo itatsekedwa mu 1927. Nyumba zinali chiimire, madenga ena atagwera mkati, ndipo kuseri kwake mathithi a Ouiatchouan, a mamita 72, ataundana m'mbalimbali, madzi akuwirimabe pakati. Kuchoka apo Roberval, kenaka Pointe-Bleue, mudzi wa a Innu umene lero umatchedwa Mashteuiatsh, kumene bambo aja ankagula magolovesi achikopa osokedwa pamanja, n'kumati a m'sitolo ndi oseweretsa ana. Saint-Félicien, Dolbeau, Péribonka, ndiye kubwerera cha ku Alma. Sitinkathamangira kumaliza. Banja limenelo linali ndi msuweni m'mudzi uliwonse, ndipo kudutsa pakhomo pa msuweni osaima unali mlandu.

Mukalowa m'nyumba mumavula nsapato pakhonde, magalasi a maso n'kuchita nthunzi osaonanso kanthu, zovala zonse kuzikoloweka pamwamba pa mbaula ya nkhuni, magolovesi akudontha madzi pa chitsulo chotentha, tsss. Ndiye ankatulutsa tourtière. Ana inu, musaisokoneze ndi timapayi ta m'mabekale. Ya ku Lac Saint-Jean imaphikidwa m'chimphika chakuya: ufa wa tirigu wokanda amauyala pansi ndi m'mbali, n'kudzaza nyama yoduladula ya nkhumba, ya ng'ombe, ya kalulu kapena nkhwali ngati mlenje anachita mwayi, mbatata ya kachewere ndi anyezi, kuvundikira ndi ufa wina, n'kuisiya mu uvuni pa moto wapansipansi kuyambira usiku mpaka masana. Ikatha ankabweretsa payi ya tizipatso tabuluu ta m'tchire, timene anthu a kumeneko amatchuka nato. Gogo wina wa ku Péribonka ankandithirira kachiwiri ndisanamalize koyamba, akuti mwana wochokera kotentha ameneyu akapanda kunenepa mphepo imutenga.

Masiku ena tinkadula pakati pa nyanja penipeni. Kuchokera ku Péribonka kukafika ku Roberval ndi makilomita 32, mtunda umene akatswiri osambira amapikisana kuwoloka m'chilimwe, ndipo pa Ski-Doo ukafika pakatikati suona gombe kutsogolo kapena kumbuyo. Bambo aja ankayamba aboola kaye ndi chitsulo kuyeza. Madzi oundana akapanda kukwana masentimita 25 sankalola munthu aliyense wa pakhomo pawo kukwerapo ndi makina, ndipo kufupi ndi kumene nyanja imatulukira kulowa mu mtsinje wa Saguenay sankayandikirako n'komwe, poti pansi madzi amathamanga ndipo pamwamba pamakhala popyapyala. Safunsa anadya phula. Mu Januwale 2020 ndinamva pa wailesi kuti alendo 5 a ku France pamodzi ndi wowatsogolera anafera cha komweko, atasiya njira usiku, ndipo ndinakhala chete tsiku lonse, ndikumva mawu a malemu bambo aja m'makutu.

Kumpoto kwa Chicoutimi kuli mapiri a Monts-Valin, ndipo okonda makinawa akafuna kudzitama amatchula kumeneko. Sinowo imayamba msanga, imachedwa kusungunuka, ndipo pa chaka imagwa yopitirira mamita 5. Mitengo ya paini ya pamwamba imakutidwa yonse, osaonekanso nthambi kapena tsamba, yongowerama mbali iyi ndi iyo, mpaka eni dera amaitcha mizukwa. Ukaphonya njira pang'ono makina amatitimira, iwe potsika n'kulowa mpaka m'chiuno, ndipo palibe wodutsa amene angakupitirire osaima. Ndinaonapo bwana wa banki ndi wodula mitengo akufukula limodzi makina a munthu amene onse awiri sankamudziwa, akutukwana Chifalansa cha kumudzi chimene bulazala wathu sanatiphunzitse.

Ndinabwererako imvi zitayamba, ana a pakhomo paja atandiitana, ndipo ndinapeza zonse zili m'malo mwake: zikwangwani zabuluu za njira zikuluzikulu za Trans-Québec, zobiriwira za m'madera, zaolenji za makalabu, chiphaso cholipira chomata pa makina, zogwirira zotenthetsa m'manja. Anandikweza kumbuyo pa njira nambala 23, yodutsa m'nkhalango ya Laurentides, tinamwa petulo ndi supu pa L'Étape. Anandionetsanso Gaspésie, kumene njira nambala 5 imakwera mapiri n'kutsikira kunyanja yamchere, thanthwe la Percé lili poteropo ndi chibowo chake. N'kokongola, sindikana, ndipo alendo a ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kuti akaone. Koma kumeneko ndinalibe msuweni. Chimene chinandisangalatsa n'choti mwambo wa zala sunathe: mukakumana ndi gulu lina, wotsogola amakweza zala kusonyeza kuti kumbuyo kwake kukubwera angati, wotsiriza amakweza chibakera, ndipo ukaona chibakeracho umadziwa kuti njira yatseguka.

Nyengo inkatha kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, sinowo ikayamba kulemera ndi madzi, m'minda mukuoneka mawangamawanga a dothi lakuda. Ulendo wotsiriza unali wa kunyumba yophikira shuga wa mitengo ya mapulo, kumene madzi a mtengowo amawiritsidwa m'ziwaya zazikulu, malita pafupifupi 40 kuti patuluke lita imodzi ya uchi wake. Ankauthira wotentha pa sinowo yoyera m'bwato la matabwa, ife n'kumaukulunga pa kamtengo, ndevu za amuna zonse zikumata. Ikatha sabata imeneyo tinkayenda wapansi m'njira monse kuzula timitengo tofiira tija, kulumikiza waya wa mipanda ya eni ng'ombe zisanatulutsidwe, ndi kutola zimene dzinja linabisa: mapulagi opsa, golovesi imodziimodzi, mabotolo, ndipo tsiku lina mano oikirira a mkulu wina wa kwaya. Bambo aja anawatsuka bwinobwino, kuwakulunga m'kansalu, n'kukawapereka Lamulungu lotsatira pakhomo pa tchalitchi, anthu onse akuona.